Amayi Atatambalala M'nyumba ya Anamfedwa

Chaka chimene ndinali mu giredi eyiti ndinali ndi mnzanga mmodzi yekha. Sindikudandaula ponena zimenezi. Mmodzi anali wondikwanira, ndipo kuti ndimupeze panapita zaka ziwiri chichokere ku Zomba.

Tinkakhala ku Wheaton, tauni ya kutsidya kwa nyanja, ine ndi amayi, m'nyumba zosanjikizana za kuseri kwa masitolo. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Ine kusukulu ndinkayankhula mwa apo ndi apo, moti aphunzitsi ena ankayesa kuti Chingerezi sindichimva. Ndinkachimva bwinobwino. Kungoti mawu akafika pakhosi ndinkayamba ndawatembenuza uku ndi uku kuona ngati ali bwino, ndipo pomaliza kuwatembenuza nkhani inkakhala itapita kale kwina. Ndiye ndinkabwerera nawo kunyumba n'kukawalemba m'kope langa lachikuto chobiriwira, limene munthu wina aliyense anali asanalitsegulepo.

Mnzangayo makolo ake anali ochokera ku Thailand, koma iye anabadwira konkuno. Tinakumana m'chipinda chodyera, kumapeto kwa tebulo loyandikana ndi mabini, kumene ena sankafuna kukhala. Tsiku loyamba sitinayankhulane. Tsiku lachiwiri anandikankhira theka la lalanje. Mawa lake ndinamugawira mandasi a amayi, anadya mpaka kutola tinyenyeswa, n'kufunsa ngati adzakhalaponso. Kuyambira pamenepo amayi ankandiikira awiri, anga ndi a mnzanga amene anali asanamuonepo.

Lolemba lina mu Novembala, mitengo itayoyola masamba, mnzangayo anayankhula maso ali m'mbale yake.

"Loweruka kwathu kubwera amonke. Akwana masiku handiredi chimwalirire bambo anga. Ungabwere?"

Ndinasiya kutafuna. Tinali titadyera limodzi miyezi iwiri ndi theka, tsiku ndi tsiku, koma za bambo ake anali asanatchulepo.

"Sindinkadziwa," ndinatero.

"Sindinauze munthu. Ukawauza amayamba kukugwira ngati dzira."

"Amonke ndi ndani?"

"Ansembe athu. Ometa mpala aja, ovala nsalu za mtundu wa lalanje. Sizovuta. Timakhala pansi, iwo amapemphera, kenako timadya. Uvale zakuda. Azakhali anga abwera kuchokera ku Thailand, ndi ovuta pang'ono, koma usawaope."

Aka kanali koyamba kuti munthu andiitane kwawo chibwerere m'dziko lino. Ndinavomera msanga. Ndinkadziwa kuti ndikakalakwitsa kumeneko, ndibwerera kukadya ndekha pafupi ndi mabini mpaka chaka chithe.

Titaweruka ndinalowa mu laibulale n'kupeza buku lolembera alendo opita kukacheza ku Thailand. Masamba ambiri anali a mahotela ndi magombe. Ine ndinkafuna tsamba limodzi lokha, la zoyenera ndi zosayenera, ndipo ndinalikopera m'kope mwanga ndi zilembo zazing'ono. Linkati kwa anthu amenewa mutu ndiwo malo olemekezeka pa thupi lonse, choncho sugwira mutu wa munthu. Mapazi ndiwo onyozeka. Sulozera chinthu ndi phazi, sulumpha munthu wokhala pansi, ndipo ukakhala pansi mapazi ako asayang'ane munthu wamkulu, amonke, kapena chiboliboli chopatulika. Miyendo umaipindira kumbali, mapazi n'kubisala kumbuyo. Mkazi sakhudza mmonke, ngakhale nsalu yake. Nsapato zimatsala pakhomo. Popereka moni umaphatikiza manja pachifuwa n'kuweramitsa mutu.

Madzulo aliwonse sabata imeneyo ndinkatseka chitseko cha kuchipinda n'kumayeseza. Moni sunandivute. Kukhala kuja ndiko kunali ntchito. Pakapita mphindi zochepa miyendo inkachita dzanzi, ndikaimirira n'kumayenda ngati mwana wa mbuzi wongobadwa kumene.

Lachinayi ndinalimba mtima. Amayi ankapinda zovala pasofa.

"Amayi, Loweruka ndingapite ku Rockville kwa mnzanga?"

"Mnzako wa mandasi uja? Kuli chiyani?"

Ndinafotokoza. Amayi anasiya malaya ali theka kupinda.

"Bambo ake anamwalira, iwe n'kungokhala chete? Ine n'kumangotumiza mandasi ngati kuli chinkhoswe?"

"Inenso ndamva Lolemba lomweli."

"Ndiye ukufuna upite wekha, chimanjamanja, ngati mwana wopanda kwawo? Anthu aja adzati mayi ake ndi wotani? Ndisinthana shifiti ndi mnzanga wa ku Lusaka uja. Tipitira limodzi. Maliro n'kulirana."

Sindinkachita nawo manyazi amayi anga. Ndimafuna zimenezi zimveke. Koma amayi ndi munthu amene akalowa m'chipinda, chipindacho chimadziwa kuti mwalowa munthu, ndipo ine ndinali nditakonzekera kukakhala pakona osaoneka.

Loweruka m'mawa tinakwera basi ya ku Rockville. Amayi ananyamula thumba la mpunga ndi shuga, ndipo m'chikwama mwawo munali chitenje chakuda chomwe amapita nacho kumaliro. Kope langa linali m'thumba la jekete.

"Amayi, kumeneko kuli malamulo ake."

"Otani?"

"Nsapato timavula pakhomo."

"Nanga ine ndimalowa ndi nsapato m'nyumba ya maliro?"

"Komanso ansembe awo sitiwapatsa moni wa m'manja. Akazi sawakhudza."

"Ndamva. Zina?"

Za mapazi zinali pakamwa penipeni. Koma kukhala pansi anandiphunzitsa ndi amayi omwewo, ndili wamng'ono, pakhonde kwathu ku Zomba. Mtsikana sanjuta, mtsikana sakhala motang'adza. Amatambalala, miyendo pamodzi, chitenje n'kuphimba mawondo. Umenewo ndiwo ulemu umene ndinakula nawo. Tsono ine, mwana, ndiwauze amayi anga m'basi modzaza anthu kuti sadziwa kukhala pansi?

Anandiyang'ana m'mbali. "Iwe, ine ndakhuza maliro ambiri kuposa zaka zako. Ukuganiza kuti ndikakuchititsa manyazi?"

"Ayi."

"Basi."

Ndinadzitonthoza kuti poti ndi mlendo komanso munthu wamkulu, akawapatsa mpando.

Nyumbayo inali yaing'ono, yanjerwa, pakhomo pali nsapato zambirimbiri. Anatitsegulira amayi ake a mnzanga, mayi wamfupi wa nkhope yotopa. Ndinaphatikiza manja monga ndinayesezera, iwo anamwetulira pang'ono n'kundibwezera. Amayi anga anavula nsapato, anamanga chitenje pamwamba pa siketi, n'kupereka mpunga ndi shuga ndi manja awiri. Mpaka pamenepo zonse zinkayenda bwino.

Pabalaza anali atachotsa masofa n'kuyala mikeka. Kukhoma la kutsogolo amonke atatu anakhala pamalo okwera pang'ono. Pambali pawo panali tebulo la maluwa, chiboliboli chagolide, timitengo ta lubani tikufuka, ndi chithunzi cha bambo wina atavala chipewa, akuseka ndi maso. Anali ndi chibwano cha mnzanga. Anthu anali atadzaza pamikeka, aliyense atapindira miyendo kumbali. Mnzanga anakhala pafupi ndi mayi wamtali wa tsitsi lomangira kumbuyo, amene ndinadziwa osauzidwa kuti ndiwo azakhali aja.

Mpando unabweradi. Amayi ake a mnzanga anaunyamula okha kuchokera kukhitchini. Amayi anga anaukana ndi manja onse awiri.

"Ayi, ayi, mayi. Kwathu sitikhala pampando anamfedwa ali pansi."

Anayenda chowerama kudutsa pakati pa anthu, kupita kutsogolo, chifukwa kwathu wodzapepesa amakhala pafupi ndi wofedwa. Anagwada, anakhala, anakonza chitenje. Kenako anatambalala.

Anali atavala masokosi awo ofunda a mizere yofiira, omwe amavala kuntchito nthawi yozizira. Mapazi awiri aja anaima chilili, zala kumwamba, kunsi kwake kutayang'ana amonke, chiboliboli ndi chithunzi cha malemu. Pakati pake panali mpata wokwana munthu mmodzi basi.

Mayi wina anatsokomola. Azakhali anayang'ana mapazi aja, anayang'ana mnzanga, n'kunena mawu awiri atatu m'chiyankhulo chawo, motsitsa. Makutu a mnzanga anafiira. Sanandiyang'ane. Nthawi yomweyo mmonke wamkulu anayamba pemphero, ena awiri n'kumutsatira, mawu otsika ofanana ngati njuchi mumphako.

Ine ndinali kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ndinaganiza zopita kukawanong'oneza. Koma amayi anali ataweramitsa mutu, maso otseka, milomo ikugwedera, misozi ikutsika. Ankalira munthu amene sanamuonepo. Ndinkadziwanso kuti ankalira agogo aamuna, bambo awo, amene maliro awo anawaonera pafoni chaka chathacho chifukwa sakanatha kupita kumudzi. Munthu ali choncho, umugwire paphewa n'kumuuza kuti akunyoza nyumba?

Chimene ndinachita sindinachiganizire bwino. Ndinayenda ndi mawondo, poti buku lija linkati usatalike kuposa amonke. Ndinadutsa m'mbali mwa khoma, osalumpha mwendo wa munthu, mpaka ndinafika pampata uja. Ndinakhala pomwepo, kutsogolo kwa mapazi a amayi, n'kupindira miyendo yanga kumbali. Tsopano mapazi aja ankayang'ana msana wanga.

Nditakhala m'pamene ndinazindikira kuti ndili patsogolo pa aliyense, kuposa mkazi wa malemu, kuposa mwana wawo. Mmonke wamng'ono anandiyang'ana kamodzi n'kubwezera maso pansi. Kumbuyo ndinamva chala cha amayi chikundigogoda pamsana, kutanthauza kuti choka apo, ukutchinga. Chinagogodanso kachiwiri. Sindinasunthe.

Sindikudziwa kuti pempherolo linatenga nthawi yaitali bwanji. Dzanzi linayambira kumapazi, linakwera m'mawondo, kenako miyendo sindinkaimvanso. Ndinkangoyang'ana utsi wa lubani ndi chipewa cha bambo wa pachithunzi uja, thukuta likuyenda m'khosi.

Pemphero litatha anapereka chakudya kwa amonke. Iwo atadya n'kunyamuka, anthu anayamba kuyendayenda ndi mbale. Ine ndinali ndikulimbana ndi miyendo yanga pakhoma pamene ndinaona amayi atamupeza mnzanga pakhomo la kukhitchini. Sindikanatha kufika msanga. Anamugwira mutu ndi manja awiri, n'kuukokera pachifuwa pawo, dzanja limodzi likusisita tsitsi.

"Pepa mwana wanga. Pepa. Pepa, iwe."

Ankayankhula Chichewa, ngati mnzangayo akumva. Iye anauma thupi lonse, manja ali lende. Kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka. Azakhali anatulukira, anamugwira pamkono, n'kumutenga kukwera naye masitepe. Sanatiyang'ane. Tinadya pang'ono, tinatsanzika kwa amayi ake, mnzanga osatsikanso.

M'basi amayi anali okhutira.

"Anthu abwino. Mpunga wawo wonunkhira. Koma iwe, chinakulowa n'chiyani kukakhala kutsogolo ngati mkulu wa mpingo? Kunyumba kuno kuyankha foni umakana."

Ndinayang'ana pawindo.

Lolemba mnzanga sanabwere kusukulu. Ndinamulembera uthenga pafoni, sanayankhe. Lachiwiri sanabwerenso. Ndinakhala kumapeto kwa tebulo lija ndekha, mandasi ake ali m'pepala. M'kope ndinalemba zinthu zambiri masiku awiri amenewo, zina zokwiyira amayi, zomwe pambuyo pake ndinazikhwatcha mpaka pepala kubooka. Koma nthawi zonse ndinkafika pamalo amodzi: amayi anandifunsa m'basi kuti zina, ine n'kukhala chete.

Lachitatu sanaonekenso, ndipo nditaweruka ndinapeza amayi ali kunyumba. Anatsegula chikwama changa kuti atulutse kontena, n'kupeza mapepala atatu a mandasi.

"Bwanji awa akubwerera? Mwayambana?"

Ndinalowa kuchipinda, ndinatenga kope, ndinatsegula patsamba la malamulo lija, n'kuwapatsa. Anandiyang'ana modabwa, chifukwa ankadziwa kuti kopelo silikhudzidwa. Anavala magalasi n'kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Atafika pa mapazi chala chinaima. Anapitiriza, anabwereranso pomwepo. Kenako anayang'ana pansi, pamapazi awo.

"Ndiye pamene unakakhala kutsogolo paja."

"Eya."

"Ine n'kumakugogoda ndi chala cha phazi lomwelo. Pamaso pa ansembe awo."

Anayang'ananso m'kope.

"Ndi mutu wa mwana uja ndinaugwiranso." Anavula magalasi. "Iwe unkadziwa zonsezi, n'kundisiya?"

"Ndinaopa."

"Kuopa ine kapena kuopa iwo?"

"Nonse."

Anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe. "Mwana iwe. Chitenje changa chikamamasuka pamsika udzangondiyang'ana, poti ndine mayi ako? Kuuza munthu si mwano. Mwano ndi kumusiya ayende choncho." Anaika kope pamiyendo. "Mayi uja anandinyamulira mpando ndi manja ake. Ine n'kumayesa ndikumuchitira ulemu pokana."

Anatseka kope n'kundibwezera osatsegula tsamba lina lililonse.

"Tandionetsa mmene amakhalira."

Ndinakhala pakapeti n'kuwaonetsa. Anatsika pansi akubuula, anapindira miyendo kumanzere, anagwera kumanja, anayesanso.

"Anthu amenewa mawondo awo ndi a labala? Mapazi abisala?"

"Lakumanja likuoneka."

"Pano?"

"Labisala."

"Vala jekete."

"Tikupita kuti?"

"Kumene ndinalakwa."

Ndinawachonderera kuti tingolemba kalata. Anati kalata sigwada. Tinakwera basi. Ndinkaona kuti tikupita kukamaliza kuwononga zomwe zinatsala.

Dzuwa linali likupendeka pamene tinafika. Pakhomo panali nsapato za anthu atatu okha. Anatsegula amayi ake a mnzanga, azakhali ataima kumbuyo kwawo ndi kansalu kopukutira mbale. Amayi anga anavula nsapato, analowa phazi limodzi, n'kugwada pomwepo. Kugwada kwa kwathu, mawondo pansi, mapazi kumbuyo. Anaphatikiza manja pachifuwa monga ndinawaonetsera, koma manja aja mwachizolowezi anaomba pang'ono kawiri asanakhazikike.

"Mayi, ndabwera kudzapepesa," anatero m'Chingerezi chawo chapang'onopang'ono chomwe amayankhula ndi okalamba kuntchito. "Kwathu mkazi akatambasula miyendo ndiye kuti walemekeza nyumba. Sindinadziwe kuti kwanu ndi chipongwe. Mwana wangayu ankadziwa, anaopa kundiuza. Wolakwa ndine. Ana awa asasiyane chifukwa cha mapazi anga."

Amayi ake a mnzanga anasowa chochita ndi manja awo. Anati dzukani, chonde dzukani. Ataona kuti amayi sakudzuka, nawonso anatsika n'kugwada. Anakhala choncho azimayi awiri pakhomo, chitseko chili chotsegula, mphepo yozizira ikulowa.

Azakhali sanagwade.

"Mapazi ndinawaona," anatero. "Amonke anawaona. Malemu anali mlongo wanga. Atadwala sindinabwere, atamwalira ndinafika mochedwa. Tsiku lija ndilo linatsala loti ndimuchitire chinthu chimodzi molongosoka."

Mawu awo sanali aukali. Anali ouma, ngati a munthu amene wawabwereza yekha kambirimbiri.

"Ndamva," anatero amayi. "Mukanachita inu zotere pamaliro a bambo anga, inenso ndikanakwiya. Sindikuti musakwiye."

Azakhali anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenuka kulowa kukhitchini, ndipo tinamva madzi akuthiridwa mu ketulo.

Amayi ake a mnzanga anatseka chitseko n'kundigwira pamkono.

"Mnzako ali kumwamba. Sanatuluke kuchipinda chichokere inu. Si mapazi ayi. Masiku onse aja sanalire, kuchipatala sanalire, pamaliro sanalire. Anayamba Loweruka, ndiye sakutha kusiya. Pita ukamuone."

Ndinakwera masitepe n'kugogoda. Anali atagona chammbali, maso otupa, foni ili pansi yozima. Ndinakhala pakapeti pafupi ndi bedi.

"Ndamva mawu a amayi ako," anatero. "Akutani?"

"Agwada."

"Mapazi ayang'ana kuti?"

"Kumsewu."

Anaseka m'pilo, kuseka kosakanikirana ndi chimfine. "Iwe unkaoneka ngati mmonke wachinayi. Kungotsala kukumeta."

"Miyendo inafa."

"Ndinaona. Poimirira unagwira khoma ngati woledzera." Anapukuta mphuno. "Ndinamva ndili konkuno azakhali akuti ndiwe wamwano, kukakhala kutsogolo kwa eni maliro. Amayi anga anawafunsa kuti kodi simunaone chimene mwana uja amabisa? Azakhali anangopitiriza kutsuka mbale."

"Ndimayesa sukundifunanso."

"Chifukwa cha masokosi?"

"Sunayankhe foni."

"Sindinayankhe aliyense, wopusa iwe. Ndimati ndikatsegula pakamwa ndiyambiranso."

Anagona chagada n'kuyang'ana kudenga. Pansi tinkamva makapu akugundana.

"Buku langa linati mutu sagwira," ndinatero.

"Buku lanji?"

"La mu laibulale. La alendo."

"Unakawerenga buku kuti ubwere kwathu?" Anandiyang'ana ngati akufuna kusekanso, koma sanaseke. "Alendo sagwira, n'zoona. Koma bambo ako amagwira. Bambo anga m'mawa uliwonse akamapita kuntchito ankaika dzanja apa." Analoza pakati pa mutu wake. "Ndinkakwiya, ankandisokoneza tsitsi. Chimwalirire aliyense amangondiphatikizira manja chapatali. Ndiye amayi ako anangobwera n'kundinyamula mutu ngati dzungu."

"Pepa."

"Usapepese. Amanunkhira mafuta okazingira." Anatembenukira kwa ine. "Ankati chiyani muja?"

Ndinamumasulira. Anagwedeza mutu, misozi n'kuyambanso kutsikira m'makutu. Ndinamusiya alire. Sindinamugwire, ndinangotsamira bedi kuti adziwe kuti ndilipo. Patapita nthawi anadzuka yekha, anapita kubafa, ndinamva madzi akutuluka pampopi. Anabwerera nkhope yonyowa, tsitsi atamanga.

"Tiye," anatero.

Pabalaza masofa anali atabwerera m'malo mwake, koma onse atatu anali pansi pamkeka, mozungulira thireyi ya tiyi. Chithunzi ndi chiboliboli zinali pashelefu pamwamba. Amayi anga anakhala atapindira miyendo kumbali, msana uli njo, chitenje atachikokera mpaka kuphimba zala. Nkhope yawo inkaonetsa kuti mawondo akuwawa. Azakhali ankathira tiyi osamwetulira, koma makapu anali asanu.

Mnzanga anadutsa chowerama n'kukakhala pafupi ndi amayi anga. Amayi anaika kapu pansi n'kupinda manja onse awiri pamiyendo, kuwagwira zolimba ngati angathawe. Anati, "Muli bwanji, mwana wanga," akuyang'ana kutsogolo. Mnzanga anangopendeka n'kutsamiritsa mutu wake paphewa pawo.

Amayi anayang'ana azakhali. Azakhali anayang'ana tiyi wawo, anaika shuga, n'kumatakasa nthawi yaitali kuposa mmene shuga amafunira. Amayi sanasunthe manja. Anangopendeketsa tsaya pang'ono mpaka linakhudza tsitsi lija.

Tinakhala mpaka tiyi anazizira. Anakamba za mitengo ya mpunga, za kuzizira, za basi imene imachedwa Lamlungu. Azakhali anafunsa kuti Malawi ali mbali iti, amayi anajambula ndi chala pamkeka. Nthawi yotsanzika itakwana amayi anati adzuke, miyendo inakana. Anayesanso, inakananso.

"Iwe, tandithandiza, anthuwa andilemaza," anandiuza m'Chichewa.

Ine ndinagwira mkono umodzi, mnzanga wina, koma sitinawathe. Anachita kubwera azakhali, n'kuwakweza chakumbuyo m'khwapa, akunena zinazake m'chiyankhulo chawo zomwe zinaseketsa amayi ake a mnzanga mpaka kubisa nkhope m'manja. Mnzanga anakana kundimasulira. Basi imene tinkafuna inatisiya tikuvala nsapato, tinadikira ina tikunjenjemera pamsewu.

Lachinayi sanabwere kusukulu. Lachisanu ndinamupeza atandidikirira pageti, chikwama chili kumsana, akudandaula kuti watsalira masamu a sabata yonse ndipo ndimubwereke zomwe ndinalemba.